Mmisiri wa ku Regensburg ndi mapiri ake opanda nkhani

Sendezani mipando kuno, adzukulu anga. Iyi si nthano ya kalulu ndi fisi, ndiye musavutike n'kuyankha kuti "tili tonse". Ndi mbiri ya munthu amene adakhalakodi, adagula nyumba, adakwatira, adakhala nawo pa khonsolo ya mzinda wake, kenako n'kutsikira kulichete monga tonse tidzachitire. Dzina lake ndi Albrecht Altdorfer, wa mumzinda wa Regensburg, kum'mwera kwa dziko la Germany. Papita zaka zoposa 500 chiyambireni ntchito yake. Odziwa za zojambula amamukumbukira chifukwa cha tizithunzi 9 ta mapiri, mitengo ndi zigwa, timene adatisindikiza kuchokera pa chitsulo. Ndikuuzani za tizithunzi timeneto, koma ndikuuzaninso za tina tiwiri timene adapanga m'zaka zomwezo, popeza wofotokoza mbiri sasankha zokoma zokha.

Tiyambe ndi mzindawo. Regensburg ali m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Danube. Pamtsinjepo pali mlatho wamiyala umene adaumanga pakati pa 1135 ndi 1146, ndipo ulipo mpaka lero. Kale mlatho umenewu udalemeretsa mzindawo, chifukwa amalonda a mchere, vinyo ndi nsalu ankawolokera pomwepo. Mabanja olemera ankapikisana kumanga nsanja zazitali pa nyumba zawo kuti aliyense aone kuti kwa uje kuli chuma. Mzindawu sunali pansi pa mfumu ya dera, unkayankha kwa mfumu yaikulu yokha, ndipo unkadzilamulira kudzera mwa makhansala ake. Koma pofika nthawi ya Altdorfer malonda adali atasamukira ku Nuremberg ndi ku Augsburg. Nsanja zija zidali chiimire, koma m'matumba mudali mutauma. Amisiri ankadandaula, ngongole zidachuluka, ndipo anthu adayamba kufunafuna woti amuloze chala. Zimenezi muzisunge, tibwererako.

Altdorfer adabadwa cha m'ma 1480. Mu 1505 adalembedwa m'kaundula wa nzika za Regensburg monga wojambula wochokera ku Amberg, tauni ya chakumpoto kwake. Luso lidali la pamtundu, chifukwa m'bale wake Erhard nayenso adali wojambula, ndipo adakagwira ntchito kwa mafumu a ku Schwerin. Ntchito zoyamba za Albrecht zokhala ndi chaka ndi za 1506, ndipo n'zazing'onozing'ono. Ankatenga pepala, n'kulipaka utoto wofiirira kapena wobiriwira, n'kujambulapo ndi inki yakuda, kenako n'kumadontheza utoto woyera pamene pakugwa kuwala. Ankajambula mfiti, asilikali, anthu a m'nkhalango, mnyamata ndi chibwenzi chake atakhala pa udzu. Pakona ankaikapo chizindikiro chake, chilembo cha A chaching'ono chitabisala m'kati mwa A wamkulu. Woyang'anitsitsa akadaona kale kuti m'zithunzi za mnyamatayu mitengo ikukula kuposa anthu.

Kuti mumvetse chimene adachita, muyambe mwadziwa mwambo wa nthawiyo. Ku Europe, chithunzi chidali cha munthu ndi nkhani yake: Yesu pamtanda, Maria ndi mwana, woyera mtima akuphedwa, mfumu itavala zaufumu. Ogula adali matchalitchi, mafumu ndi amalonda olemera. Phiri, mtengo ndi mtsinje ankazijambula ndithu, ena mwaluso kwambiri, koma malo ake adali kumbuyo, kodzaza mpata umene mutu wa woyera mtima wasiya. Ku China zidali zosiyana, kumeneko anthu adayamba kalekale kujambula mapiri ndi madzi pazokha. Koma mmisiri wa ku Germany akadapereka chithunzi cha mtengo wokhawokha, wogulayo akadafunsa kuti, "Nanga mwini wake wa chithunzichi ali kuti?"

Mu 1510 Altdorfer adajambula George Woyera akulimbana ndi chinjoka. Kachithunziko kali pa chikopa chomatidwa pa thabwa, kutalika kwake sikapitirira masentimita 30, ndipo lero kali ku Alte Pinakothek, nyumba yosungira zojambula mumzinda wa Munich. Mukakaima patsogolo pake, choyamba kuona ndi masamba. Masamba kumanzere, masamba kumanja, masamba mpaka pamwamba, tsamba lililonse litadonthezedwa palokha ndi nsonga ya burashi, thambo osaoneka. Mukatsitsa maso m'pamene mumapeza kavalo woyera ndi msilikali pamsana pake, ndipo patsogolo pawo pali chinjoka chachifupi, chonenepa, chosaopsa n'komwe. Chakumanja mitengo yasiya kampata, ndipo pakampatapo pakuoneka mapiri akutali. Mwambo adausunga, woyera mtima alipo. Koma aliyense ankatha kuona kumene kudali mtima wa wojambulayo.

Chaka chotsatira, mu 1511, adatsika ndi mtsinje wa Danube kulowera ku Austria. Chithunzi chimodzi cha ulendowo ndi cha ku Sarmingstein, pamene mtsinje umapanikizika pakati pa matanthwe. Kumeneko maso ake adadya nkhalango za mitengo ya spruce, abale ake a paini, ndi mapiri a Alps akuonekera chakum'mwera. Sadali yekha pa chidwi chimenechi. Ku Passau, mumtsinje womwewo, kudali mnzake wa luso dzina lake Wolf Huber, amenenso ankajambula mapiri ndi nyanja ndi cholembera. Ku Austria komweko, ansembe a ku St Florian pafupi ndi Linz adamupatsa Altdorfer ntchito yaikulu yojambula zithunzi za paguwa la nsembe, za masautso a Yesu ndi za Sebastian Woyera. Adaimaliza mu 1518. M'zithunzi zimenezo thambo silingokhala phee kumbuyo. Limafiira, limachita mdima, limakhala ngati nalonso likumva ululu.

Dzina lake lidafika kwa mfumu yaikulu Maximilian I. Mfumu imeneyi inkakonda kutamandidwa pa pepala, ndipo idasonkhanitsa akatswiri kuti aijambulire mdipiti wautali wa chipambano chake ndi kukongoletsa m'mphepete mwa buku lake la mapemphero. Pagululo padali Albrecht Dürer wa ku Nuremberg, Lucas Cranach, Hans Burgkmair wa ku Augsburg, ndi Altdorfer wathuyu. Ndalama zidayamba kulowa. Mu 1513 adagula nyumba mumsewu wa Obere Bachgasse, pambuyo pake n'kuwonjezera zina. Mnyamata wochokera ku Amberg uja adasanduka munthu woti akamadutsa anthu n'kumavula zipewa, ndipo pofika 1519 adali atakhala kale pa khonsolo ya mzinda.

Tsopano tamverani za luso limene lidamutchukitsa. Kale wofuna kusindikiza chithunzi adali ndi njira ziwiri. Ina idali kusema thabwa, kuchotsa ponse pamene pasakhale inki. Ina idali kugoba mkuwa ndi kachitsulo kakuthwa, kukankha ndi mphamvu ya mkono, mzere umodzi umodzi. Njira yachiwiriyi inkafuna zaka zambiri zophunzira, ndipo dzanja silinkayenda momasuka, poti chitsulo chimalimbana nawe. Njira yachitatu idachokera kwa osula zovala zankhondo. Iwo ankakongoletsa zisoti ndi zotchinga pachifuwa podyetsa chitsulo ndi mankhwala owawasa. Cha m'ma 1500, mkulu wina wa ku Augsburg dzina lake Daniel Hopfer adaganiza kuti ngati mankhwala angagobe maluwa pa chisoti, angathenso kugoba chithunzi pa chitsulo chophwatalala, munthu n'kusindikiza pa pepala.

Ntchito yake imayenda motere. Umatenga chitsulo chophwatalala, n'kuchikwecha mpaka chisalale. Umachipaka phula losakaniza ndi utomoni, lopyapyala, n'kulisiya liume. Kenako umatenga singano yokhala ndi chogwirira n'kuyamba kujambula pa phulalo. Sukumba chitsulo ayi, umangokanda phula kuti chitsulo chionekere, choncho dzanja limathamanga monga likulemba ndi cholembera. Ukamaliza umathira asidi. Pamene pali phula asidi sakhudza, koma m'mizere imene singano yadutsa amalowa n'kumadya chitsulo, ngati chiswe chimene chimatsata njira zake m'kati mwa mtengo. Apa m'pofunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukafulumira kuchotsa, mizere imakhala yosazama ndipo sigwira inki. Ukachedwa, asidi amadya mpaka mizere yoyandikana kulumikizana, ntchito ya masabata n'kuwonongeka.

Asidi akamaliza, umatsuka, n'kuchotsa phula lonse. Umapaka inki yolimba, kuikanikizira m'timizere tija, kenako n'kupukuta pamwamba ndi nsanza ndi chikhatho mpaka inki itsale m'maenje mokha. Umayala pepala lonyowa pang'ono, n'kuphimba ndi nsalu yochindikala, n'kupititsa zonse pakati pa mipini iwiri yozungulira ya makina osindikizira. Ukasenda pepalalo, chithunzi chatuluka, koma chotembenuka: chimene unajambula kumanja chili kumanzere. Ndipo pofuna pepala lachiwiri umayambiranso kupaka inki ndi kupukuta. Oyamba aja ankagwiritsa ntchito chitsulo chenicheni chosulira, chimene sichichedwa kuchita dzimbiri. Dürer adayesa njirayi pa zithunzi 6 zokha pakati pa 1515 ndi 1518, n'kuisiya, kubwerera ku kugoba kwake kwa mizere yowongoka bwino. Altdorfer, wa dzanja lokonda kupotapota ndi kunjenjemera ndi masamba, adapeza kuti singanoyo idabadwira iye.

Ndiye pakati pa 1518 ndi 1522 adatulutsa tizithunzi 9 tija. Tiyeni titenge kamodzi m'manja, poti n'tokwana m'manja ndithu. Patsogolo penipeni paima mtengo wa spruce, wautali moti nsonga yake yadulidwa ndi m'mphepete mwa pepala. Nthambi zake zalendewera pansi, zolemedwa ndi ndere zimene zikuchita kuzendewera. Khungwa lake ndi timizere tokhotakhota, tothinana, takuda. Kuseri kwa mtengowo nthaka yatsetsereka, ndipo diso limatsika nayo kukafika m'chigwa. M'menemo muli msewu, timadenga ta mudzi, nsanja ya tchalitchi, pena chigayo choyendera madzi, pena linga la mfumu litakhazikika pa thanthwe. Kupitirira apo mapiri ayamba, phiri kuseri kwa phiri linzake, mizere ikunka nichepa ndi kupepuka mpaka lomaliza langotsala kamzere kamodzi. Kumwamba kuli timizere towerengeka ta mitambo, kwina konse ndi pepala loyera, ndipo pepala loyeralo ndiye kuwala.

Ukufunsa kuti nkhani yake ndi yotani, mdzukulu wanga? Palibe. Mulibe woyera mtima, mulibe mfumu, mulibe nkhondo. Pamalo pamene pankaima munthu wolemekezeka, iye adaimikapo mtengo. Mapiriwo sadawalembe mayina, ndipo sadali kujambula mapu oti wapaulendo atsatire. Adatola zimene maso ake adaona m'chigwa cha Danube ndi m'tsinde mwa Alps, n'kuziyala mwa iye yekha. N'chifukwa chake akatswiri amati tizithunzi timeneti ndi toyamba ku Europe kusindikizidwa tili ta malo okhaokha. Sitidali togulitsa pamsika kwa aliyense. Mapepala ake amene adatsala ndi owerengeka, ndipo adali a anthu ochepa okonda luso, oti akhale pansi, aike pepala pafupi ndi maso, ayende m'chigwacho ndi diso. M'zaka zomwezo adajambulanso ndi utoto malo opanda munthu: kamlatho ka matabwa pakati pa mitengo, kamene kali ku National Gallery ku London, ndi chigwa cha Danube chimene chili ku Munich.

Mpaka apa mbiriyi ndi yokoma. Tsopano tibwerere ku mzinda wouma m'matumba uja.

Pakatikati pa Regensburg padali dera la Ayuda. Adakhalamo zaka zoposa 500, ndipo gulu lawo lidali limodzi mwa akalekale m'dziko lonselo, lodziwika ndi aphunzitsi a malamulo a chipembedzo chawo. Adali anthu pafupifupi 500. Malamulo a nthawiyo ankawatsekera ntchito zambiri zaumisiri, n'kuwasiyira malonda ochepa ndi kukongoza ndalama. Ndiye chuma chitavuta, amene adali ndi ngongole adayamba kunena kuti mavuto onse abwera ndi katapira wa Ayuda. Mu 1516 kudabwera mlaliki wa pa tchalitchi chachikulu dzina lake Balthasar Hubmaier, wa pakamwa potentha, amene adakolezera moto umenewu pa guwa. Makhansala ankafuna kuwathamangitsa, koma panjira padaima Maximilian, chifukwa Ayudawo adali m'manja mwa mfumu yaikulu ndipo ankapereka msonkho kwa iyo.

Pa 12 January 1519 Maximilian adamwalira. Mpando udakhala wopanda munthu mpaka mu June, pamene adasankha Charles V. Makhansala sadadikire. Pa 21 February adalamula kuti Ayuda onse atuluke mumzinda m'masiku owerengeka, ndipo sunagoge agwetsedwe. Idali nyengo yozizira koopsa. Nkhalamba, odwala, amayi ndi makanda adatuluka pa zipata ndi katundu amene akadatha kunyamula. Ena adawoloka mlatho wamiyala uja kukafuna pogona kutsidya, ku Stadtamhof, m'dera la mfumu ya Bavaria. Nyumba zawo zidagwetsedwa. Manda awo adafafanizidwa, miyala ya pamanda zikwi zingapo idazulidwa, yambiri n'kumangira nyumba. Ina adaimata pa makoma poonekera kuti adzitamandire nayo, ndipo mpaka lero woyenda m'misewu ya mzindawo amaiona, zilembo za Chiheberi zikuwerengeka.

Nanga Altdorfer adali kuti? Adali pa khonsolo imene idachita zimenezi. Ndipo sunagoge asadagwe, adalowamo ndi maso ake akuthwa aja, n'kuona zonse, n'kuzitengera pa chitsulo ndi singano ndi asidi. Kachithunzi koyamba ndi ka pakhonde lolowera: denga lokhota lamiyala, kuwala kukulowera pa zenera, amuna awiri akupita kukapemphera, wina atanyamula buku lalikulu. Kachiwiri ndi ka m'kati: mizati itandandalika pakati pa chipinda, ndi nsanja yokwerapo owerenga malemba. M'menemo mulibe munthu ndi mmodzi yemwe. Zonse adazijambula mosamala, mopanda chipongwe, moti ukangoona mizere yokha ungati wojambulayo ankalira nawo. Koma pamwamba adalembapo mawu a Chilatini. Pa kachithunzi ka khonde adalemba tsiku limene nyumbayo idagumulidwa. Pa ka m'kati adalemba kuti sunagogeyo wagwetsedwa mpaka pansi mwa chiweruzo cholungama cha Mulungu.

Mawu amenewo sadamulembere wina. Adawakanda yekha pa phula, chilembo chimodzi chimodzi, ndiponso chotembenuza kuti pa pepala chidzawerengeke bwino. Munthu salemba motero mwangozi.

Pogwetsa sunagogeyo, mmisiri wina wa miyala dzina lake Jakob Kern adagwa n'kuvulala kwambiri, koma adaonekanso ali moyo, ndipo anthu adafuula kuti Maria wachita chozizwitsa. Pamabwinja pomwepo adamangapo msangamsanga katchalitchi ka matabwa, n'kukatcha Schöne Maria, Maria wokongola. Kadatsegulidwa mwezi wa March chaka chomwecho. Anthu adakhamukirako kuchokera kutali, ena atasiya makasu m'munda, akugwa pansi ndi kukomoka patsogolo pa fano. Mu 1520 mokha adagulitsa timabaji ta chikumbutso toposa 100,000. Mzinda wouma uja udapeza pokolola. Altdorfer naye adakolola nawo: adajambula Maria ameneyu, n'kusema matabwa osindikizira chithunzi chake cha mitundu ingapo choti alendo azigula. Martin Luther adadzudzula zochitika pamalopo, Dürer nayenso adalemba mawu odana nazo. Patangopita zaka zochepa chikhamu chija chidaphwa. Hubmaier adasintha chikhulupiriro, n'kulowa gulu la obatiza akuluakulu okha, ndipo mu 1528 adamuwotcha ku Vienna.

Musandimve molakwa, ana inu. Sindikunena kuti adachotsa anthu m'mapiri ake chifukwa choti adachotsa anthu mumzinda wake. Kutero kungakhale kumunamizira wakufa, poti mitengo idayamba kumukoka kale mu 1506. Chimene ndikunena n'chakuti dzanja lidali lomwelo, singano yomweyo, zaka zomwezo. Munthu amene ankatha kuima nthawi yaitali kuyang'ana mmene ndere zimalendewerera pa nthambi, amene sankalola tsamba limodzi kupita osaliona, adaona anansi ake akutuluka pa chipata m'chisanu, n'kunena kuti Mulungu waweruza bwino. Timakonda kuganiza kuti wa maso otha kuona kukongola amakhalanso ndi mtima wofewa. Mbiri ya mkuluyu ikutikaniza kuganiza choncho.

Moyo wake udapitirira kukwera. Mu 1526 adalowa m'khonsolo ya m'kati, ya akuluakulu enieni, ndipo adamuika kukhala woyang'anira zomangamanga za mzinda. Adamangitsa nyumba yophera nyama ndi mosungira vinyo. Mu 1528 anzake adamusankha kuti akhale meya, iye n'kukana. Chifukwa chake chidali chakuti Wilhelm IV, mfumu ya Bavaria, adali atamupatsa ntchito yojambula nkhondo ya ku Issus, imene Alexander Wamkulu adagonjetsa Darius mfumu ya Aperisi m'chaka cha 333 Yesu asadabadwe. Adaimaliza mu 1529.

Chithunzi chimenechi n'chachitali masentimita 158, mulifupi 120, ndipo m'menemo adathiramo asilikali zikwizikwi, aliyense ndi mkondo wake ndi chisoti chake. Pakati pa chipwirikiticho Darius akuthawa pa galeta, Alexander ali pambuyo pake ndi mkondo. Koma ngakhale apa, kwezani maso. Kuseri kwa nkhondo kuli mapiri, kenako nyanja ya Mediterranean ndi chilumba cha Cyprus, kenako mtsinje wa Nile, kenako mapiri ena obiriwira mpaka dziko kupindika. Kumanja dzuwa likuboola mitambo, kumanzere kuli mwezi. Mapiriwo si a ku Issus, kumene iye sadapondeko. Ndi a Alps omwe aja a m'tizithunzi take. Aperisi ena adawaveka nduwira za asilikali a ufumu wa Ottoman, ndipo sizidali zongosewera: chaka chomwecho cha 1529 Sultan Suleiman adazinga mzinda wa Vienna, mumtsinje womwewo wa Danube, ndipo Altdorfer adali pa kalikiliki wolimbitsa malinga a Regensburg. Patapita zaka zambiri, mu 1800, asilikali a France adatenga chithunzichi kupita nacho kwawo, koma chidabwezedwa Napoleon atagonja, ndipo lero chili ku Munich.

Mkazi wake Anna adamwalira mu 1532. Mu 1535 mzinda udamutuma ku Vienna kukaulankhulira kwa mfumu Ferdinand. Pa 12 February 1538 Albrecht Altdorfer adamwalira, ali munthu wolemera ndi wolemekezeka, ndipo adaikidwa m'tchalitchi cha ansembe a chipani cha Augustine mumzinda momwemo. Patangotha zaka 4, mu 1542, Regensburg adatsata chiphunzitso cha Luther. Tchalitchi chamiyala chimene adayamba kumanga pamalo a Ayuda aja, chimene ndalama zake zidatha chisadafike pa kukula kumene ankafuna, chidasanduka tchalitchi choyamba cha Chilutera mumzindawo. Dzina lake ndi Neupfarrkirche.

Mbewu ya tizithunzi 9 tija idamera. M'zaka za m'ma 1540 ndi 1550 Augustin Hirschvogel ndi Hanns Lautensack adasindikiza zithunzi zambiri za mapiri, mitsinje ndi mitengo mwa njira yomweyo ya singano ndi asidi. Pambuyo pake luso lojambula malo pawokha lidafalikira ku Netherlands ndi kwina konse, mpaka lero palibe amene amadabwa kuona chithunzi cha phiri chitapachikidwa pa khoma. Patapita zaka mazana, olemba mbiri ya luso adaika Altdorfer, Huber ndi anzawo m'gulu limodzi, n'kulitcha dzina la mtsinje wa Danube.

Tizithunzi tiwiri tija natonso tidagwira ntchito imene mwini wake sadaiganizire. Iye adatipanga kuti tilengeze kugwa kwa sunagoge, koma lero ndi timene timaonetsa anthu mmene nyumbayo inkaonekera m'kati. Pakati pa 1995 ndi 1998 akatswiri adakumba pa bwalo la Neupfarrplatz n'kupeza zipinda zapansi za nyumba za Ayuda ndi maziko a sunagogeyo. Mu 2005 mmisiri wa ku Israel, Dani Karavan, adayala pamalopo chikumbutso choyera chotsata mmene mazikowo adayendera, ndipo anthu amakhalapo kupumula, ana n'kumasewerapo.

Ndiye mukadzamva wina akunena kuti Altdorfer ndiye adatsegulira anthu a ku Europe maso kuti aone phiri ndi mtengo pazokha, musamutsutse, akunena zoona. Mumuyamikire, kenako mumufunse ngati akudziwa kumene mkuluyo adali pa 21 February 1519, ndi zimene adalemba pamwamba pa chithunzi cha sunagoge. Akapanda kudziwa, mumufotokozere inuyo.